Monita ya Dell P2419H ya kaunjika: ndinatsala pang'ono kuibweza, pomwe vuto linali chingwe

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za monita imene ndinagula ija, ena anaiona pa status ena anabwera ku shopu kudzapulintitsa n'kuiona ndi maso, nde ndati bola ndilembe kamodzi zonse, ubwino wake, pomwe ikuperewera, komanso mavuto a resolution (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi pa sikirini) amene anandizunza sabata yoyamba mpaka ndinaimanga kale m'katoni kuti ndikaibweze. Panopa yatha miyezi 8 ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku kupatula Lamulungu, ndiye ndikuona kuti ndikhoza kuiyankhulira.

Ine ndili ndi kashopu kakang'ono ku Area 25 ku Lilongwe. Timapulinta, timapanga fotokope, timakonza makhadi a ukwati ndi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, ma CV a ana omaliza sukulu, maposita a misonkhano ya mipingo, zoterozo. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwiritsa laputopu ya sikirini ya mainchesi 15.6, ndipo monga malaputopu ambiri amene ali m'manja mwa anthu kunoku resolution yake ndi 1366x768. Kulemba kalata palibe vuto, koma ukamakonza khadi umakhala ukukuza ndi kuchepetsa, kukuza ndi kuchepetsa tsiku lonse, pofika madzulo maso akuwawa khosi louma. Yatsopano ndinaifunsa mtengo ndinangobwerera pakhomo, mukudziwa mmene zinthu za kunja zinakwerera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja. Nde ndinapita ku za kaunjika, zija zimachokera m'maofesi a kunja zikatha zaka zake.

Ndinaipeza pa shopu ina mtauni. Dell P2419H, amati mainchesi 24 koma kwenikweni ndi 23.8, resolution yake 1920x1080 imene ena amati Full HD, 60Hz (imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi), kumbuyo ili ndi polowetsa HDMI, DisplayPort ndi VGA. Mnyamata wogulitsa anailumikiza pa kompyuta yawo ya pa tebulo, chithunzi chinali chowala bwino zilembo zakuthwa, ndinakhutira nthawi yomweyo. Laputopu yanga ndinaisiya ku shopu kwanga tsiku limenelo, ndipo apa mpamene panayambira zonse. Polongedza anandiikira chingwe cha magetsi ndi chingwe china cha VGA, chija cha mitu ya buluu chokhala ndi timasikuluwu tiwiri, chopyapyala ngati cha chaja ya foni, akuti "ichi ndakupatsani ulere bwana". Chimene anayesera pa kompyuta yawo chija chinali china, chinatsala pompo.

Nditafika ndinalumikiza, kuyatsa, aaa. Sichinali chithunzi chimene ndinaona mtauni chija ayi. Zilembo zinali mbuu ngati ukuyang'ana pa galasi la minibasi m'mawa wa mu June, ma icon akuluakulu, ndipo chilichonse chinali chotambasuka cham'mbali. Chinthu chozungulira chikuoneka ngati dzira logona. Pa laputopu penipenipo chithunzi chinapanikizika pakati, mbali zonse ziwiri kuli mizere yakuda. Ndinati mwina ndi mmene zimakhalira ukangolumikiza kumene, ndizolowera, poti ntchito inali yambiri sabata imeneyo.

Tsiku lachiwiri kunabwera mayi ena achikulire kudzakonzetsa makhadi a ukwati wa mwana wawo. Ananditumizira chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi, ine n'kuchiika pa khadi, n'kuwatembenuzira monita kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula kenako anati, "Achimwene, mwana wangatu si wonenepa chonchi, mwamutani nkhope?" Ndipo zoona pa foni pawo mtsikanayo anali wowonda bwinobwino, pa monita nkhope yatambalala masaya mbali ndi mbali. Pofuna kuwasangalatsa ndinagwira chithunzi chija n'kuchipanikiza cham'mbali mpaka pa monita chinaoneka bwino, mayi aja anavomera, ndinapulinta makhadi 30 pa pepala lolimba lonyezimira lija. Atatuluka, onse awiri mkwati ndi mkwatibwi anali ataliatali opyapyala, mphete ziwiri zimene ndinaika pamwamba zinali zosongoka. Chithunzi chinalibe vuto kuyambira pachiyambi, monita ndi imene imachionetsa molakwika, ine n'kuwononga chinthu chabwinobwino. Mapepala 30 ndi inki yake zinapita, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri ndi mmene mayi aja anakhumudwira, ukwati wa mwana wawo woyamba. Ndinawapepesa, ndinakonzanso pa sikirini ya laputopu nditazula monita, ndinapulintanso ndi ndalama zanga.

Usiku umenewo ndinalowa mu settings. Pa Windows 10 umadina batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa desktop, n'kusankha Display settings, n'kutsika mpaka pa Display resolution. Inali pa 1024x768. Kutsegula kamndandanda kaja kuti ndisankhe 1920x1080, mulibe. Mu Advanced display settings ndi mu Device Manager (mndandanda wa zipangizo zonse za pa kompyuta) dzina la Dell silimaoneka paliponse, pamangolembedwa Generic Non-PnP Monitor. Ndinazimitsa n'kuyatsanso kangapo, kuzula kulumikizanso, kumanga timasikuluwu mwamphamvu, palibe chosintha. Mumtima ndinatsimikiza kuti andigulitsa chinthu chakufa, ndipo m'mawa ndinaimanga m'katoni.

Chimene chinandipulumutsa ndi choti ndisanakwere minibasi ndinadutsira kwa mkulu wina amene amakonza makompyuta ndi ma TV chapafupi ndi ife, ndimafuna angondiuza dzina la vutolo kuti ndikakafika kwa ogulitsa ndikayankhule zomveka. Mkuluyu sathamanga pogwira ntchito. Anaitulutsa m'katoni, anailumikiza ku magetsi kokha osaika chingwe china chilichonse, pa sikirini panatuluka kabokosi koyendayenda konena kuti palibe chingwe. Anati, "Taonani zilembo izi, zakuthwa kapena za mbuu?" Zinali zakuthwa. Anati ndiye monitayi payokha ilibe mlandu, kabokosi aka ikupanga yokha popanda kompyuta. Kenako anatenga chingwe cha ulere chija, anaunika ndi tochi ya foni pa mutu wake kundionetsa timapini 15 tili m'mizere itatu, n'kutenga mita yake kuyeza kapini kamodzi kamodzi mbali iyi ndi mbali inayo. Tina mita imalira, tina zii. Pa nambala 12 ndi 15 panali zii.

Anandifotokozera motere, ndipo ndikubwereza chifukwa ndi chinthu chimene anthu ambiri sitidziwa. Monita iliyonse ili ndi kachikalata kake mkati kotchedwa EDID, momwe mwalembedwa dzina lake, kukula kwake ndi ma resolution amene imatha. Ukangoilumikiza, kompyuta imafunsa kuti ndiwe ndani, monita n'kutumiza kachikalata kaja. Pa VGA kukambirana kumeneku kumadutsa pa mawaya a pini 12 ndi 15. Zingwe zina zotchipa kunja zimakhala ndi mapini onse koma mkati anachepetsa mawaya kuti asawononge kopa wambiri, anangosiya a mitundu itatu, wofiira wobiriwira ndi wa buluu, ndi a sync okhazika chithunzi m'malo mwake. Chithunzi chimadutsa ndithu, koma kompyuta siidziwa kuti ikuyankhula ndi ndani, nde pofuna kusalakwitsa imangotumiza resolution yaing'ono imene pafupifupi monita iliyonse imalandira. Ndi chifukwa chake pamalembedwa Non-PnP paja, kutanthauza monita imene kompyuta sinathe kuizindikira.

Za kutambasuka kwa nkhope nazo zinamveka pompo. 1024x768 ndi ya masikirini akale aja okhala ngati bokosi, muyeso wake 4:3, pomwe monita iyi ndi yotambalala, 16:9. Ikalandira chithunzi cha 4:3 imachikoka cham'mbali kuti chidzaze galasi lonse. Mu menyu ya monita muli pena polembedwa Aspect Ratio pomwe ukhoza kuiuza kuti isakoke, koma kumeneko n'kungobisa vuto. Ndipo za mbuu zija, monita ya mtundu uwu ili ndi timadontho towerengeka tosasintha, 1920 cham'mbali 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Ukaipatsa 1024x768 waipatsa timadontho 786,432 tokha, nde iyo imayenera kupaka kadontho kamodzi pa malo a tiwiri ndi theka kapena kuposa, m'mphepete mwa zilembo n'kusungunuka. Monita za chimimba zakale zija zimatha kusintha resolution osaoneka moipa kwambiri, koma zopyapyalazi zimaoneka bwino pa resolution imodzi yokha, yake yobadwa nayo.

Anatenga chingwe chake cha VGA chonenepa, kulumikiza, nthawi yomweyo dzina DELL P2419H linatulukira ndipo 1920x1080 inapezeka pa mndandanda. Koma anandiuza kuti poti laputopu yanga ili ndi HDMI ndisavutikenso ndi VGA. VGA ndi ya kalekale, IBM inaitulutsa mu 1987, ndi ya analogi, kutanthauza kuti kompyuta imasandutsa chithunzi kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika kenako monita n'kuchibwezeretsanso, panjira pamalowa phokoso makamaka chingwe chikakhala chachitali kapena chikadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi, nde umaona timizere tikuyenda kapena zilembo zili ndi mthunzi. HDMI ndi DisplayPort ndi za digito, chimene chatumizidwa ndi chimene chimafika. Kwa amene mulibe kuchitira mwina koma VGA, mu menyu ya monita muli Auto Adjust, muzidina mukangolumikiza, imakhazika chithunzi pakati n'kuchepetsa kunjenjemera kwa zilembo. Ndinagula chingwe cha HDMI kwa iye, cha mita imodzi ndi theka, ndalama imene anandilipiritsa pa kuyeza konse kuja inali yochepa kuposa ya makhadi ndinataya aja. Ntchito yake ndinaikonda chifukwa sanandiuze kuti siyani mubwere mawa, anachita zonse ndikuona ndipo amafotokoza chimene akuchita.

Ndinabwerera nayo ku shopu mtima uli m'malo, kulumikiza HDMI, nkhope zinabwerera mwakale, zozungulira zinakhala zozungulira. Koma zilembo zinali zikadali zofewa pang'ono, osati ngati mmene zimaonekera mtauni muja. Kuyang'ana resolution, 1366x768. Ili linali vuto lachiwiri ndipo ndikukhulupirira kuti ndi limene anthu ambiri a malaputopu ali nalo osadziwa, ndalionapo m'maofesi angapo anthu akugwira ntchito pa monita yabwino koma chithunzi chili mbuu chaka chonse. Ukalumikiza monita koyamba, Windows nthawi zambiri imaika pa Duplicate, kutanthauza kuti masikirini onse awiri azionetsa chinthu chimodzi. Poti chinthucho ndi chimodzi, resolution nayo iyenera kukhala imodzi, nde wamkulu amatsikira kwa wamng'ono. Monita ya timadontho toposa 2 miliyoni imakhala ikuonetsa chithunzi cha timadontho 1,049,088 cha laputopu, pafupifupi theka.

Mankhwala ake ndi osavuta. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, kumanja kutuluka zosankha zinayi, PC screen only, Duplicate, Extend ndi Second screen only. Sankhani Extend ngati mukufuna masikirini onse awiri aliyense ndi zake, kapena Second screen only ngati mukufuna monita yokha. Kenako mu Display settings muona timabokosi tiwiri tolembedwa 1 ndi 2, dinani Identify kuti mudziwe kuti monita ndi iti, dinani kabokosi kake kaye musanasinthe kanthu, chifukwa mukapanda kutero mukhala mukusintha za laputopu n'kumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Mukatero sankhani resolution imene pambali pake palembedwa kuti Recommended. Nditachita zimenezi ndi pamene ndinaiona monita imene ndinagula. Timizere topyapyala ta m'mphepete mwa khadi timaoneka kamodzi kamodzi, tsamba lonse la pulogalamu ya Publisher ndi zida zake zonse zikukwana popanda kukuza.

Wina asaope kuyesa poganiza kuti awononga. Ukasintha resolution Windows imakufunsa ngati ukufuna kusunga, ndipo ukapanda kuyankha kwa masekondi 15 imabwerera yokha pomwe inali. Nde ngati sikirini yada kapena monita yalemba kuti input timing imeneyo siikuilandira, chotsani manja pa kiyibodi mudikire, ibwerera.

Pali chinthu china chimene mtsikana amene amandithandiza pa shopu anachita, ndipo ndikuchitchula chifukwa maganizo ake anali omveka. Pa 1920x1080 zilembo zimachepa poyerekeza ndi zimene anazolowera, iye maso amamuvuta pang'ono, nde tsiku lina ndinapeza watsitsa resolution kufika pa 1280x720 kuti zikule. Zinakuladi koma mbuu uja anabwerera. Njira yake si imeneyo. Pamwamba pa Display resolution pali Scale and layout, pamenepo mukhoza kuchoka pa 100% kupita pa 125% kapena 150%, zilembo ndi ma icon zimakula koma timadontho tonse tikugwirabe ntchito, nde zimakhala zazikulu komanso zakuthwa. Ife tinakhazikika pa 125% iye akakhala pa mpando, ine ndimabweza pa 100%. Mapulogalamu ena akalekale amaoneka ofewa pang'ono ukakweza scale, kutseka n'kutsegulanso nthawi zambiri kumathandiza. Palinso ClearType, mukalemba dzinali pa Start imakuonetsani zilembo zingapo n'kumasankha zimene zikuoneka bwino m'maso mwanu, mphindi ziwiri basi.

Vuto lachitatu linabwera patapita miyezi, laputopu itagwidwa ndi mavairasi a m'mafulashi a makasitomala, mnzanga wina n'kundithandiza kuikamo Windows yatsopano. Atamaliza, monita osaoneka ngati sikirini yachiwiri, kudina Detect palibe, Extend osagwira, ngakhale kuwala kwa sikirini ya laputopu osatheka kuchepetsa. Ulendo uno sindinaikayikire monita. Ndinatsegula Device Manager, pa Display adapters, palembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Imeneyi ndi driver (kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa chipangizo) yongogwirizira imene Windows imaika kuti uzitha kuona kanthu pamene driver yeniyeni ya graphics palibe, siidziwa zambiri. Mnzangayo anaika Windows popanda intaneti nde ma driver sanalowe. Ndinagula bandulo, kulumikiza, kusiya Windows Update igwire ntchito, patapita nthawi sikirini inaphethira kawiri dzina linasintha kukhala Intel HD Graphics, monita n'kutulukira yokha. Ikakanika njira imeneyi mumapita pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopu yanu, kulemba model yake imene ili pa kapepala ka pansi, n'kutsitsa driver ya graphics. Imadya bandulo ndithu, mafayilo ake ndi a ma MB mazanamazana, bola kuchita usiku kapena pomwe pali WiFi. Timapulogalamu tija timalonjeza kukupezerani ma driver onse ulere ine sinditikhulupirira, tambiri timabwera ndi zinyalala zina. Ndipo amene mukadali pa Windows 10 ngati ine, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, zonse ndafotokozazi pa Windows 11 zili pafupifupi malo omwewo.

Kanthu kena kakang'ono, nthawi zina magetsi akathima n'kuyakanso, kapena laputopu ikadzuka ku tulo, chithunzi chimasokonekera kapena monita imakhala yakuda. Musanazimitse kompyuta yesani kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi, imalira kamodzi sikirini n'kuphethira, driver ya graphics yadzutsidwanso. Kwa ine zimagwira nthawi zambiri, zikakanika ndimazula HDMI n'kubwezeretsa.

Tsopano za monita yeniyeniyo. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi galasi lake la mtundu wa IPS, limene mitundu siisintha kwambiri ukaliyang'ana uli chambali. Pa shopu ngati yanga kasitomala sakhala kutsogolo kwa sikirini, amaima pambali panga kapena kuseri kwa kauntala akusuzumira, nthawi zina anthu atatu a komiti ya ukwati onse akuloza. Pa laputopu ija woima pambali amaona mitundu ina, wofiira ukuoneka ngati wakuda, timakangana za mtundu pomwe tikuyang'ana chinthu chimodzi. Apa aliyense amaona zofanana. Galasi lake silonyezimira, nde kuwala kochokera pakhomo masana sikundivutitsa.

Chachiwiri ndi mwendo wake. Imakwera ndi kutsika, imapendekeka, imatembenukira kumanja ndi kumanzere, komanso imazungulira n'kuima chotalika ngati pepala. Poyamba ndimaona ngati zachibwana koma pokonza pulogalamu ya maliro kapena posita ya A4 ndimaiimika, mu Display settings pa Display orientation n'kusankha Portrait, tsamba lonse limaoneka kuyambira pamwamba mpaka pansi lalikulu bwino. Achibale a malemu akabwera kudzaona ngati maina alembedwa molondola amawerenga okha osafinya maso, ndipo pa nthawi ngati imeneyo kulakwitsa dzina la munthu ndi chinthu chimene sindifuna n'komwe. Mukamagula ya kaunjika onetsetsani kuti mwendo ndi wake weniweni, ena amagulitsa galasi lokha kapena amamangirira mwendo wa monita ina umene suyenda.

Ili ndi polowetsa USB panayi, pawiri m'mbali pawiri pansi. Ambiri amaganiza kuti mpakufa chifukwa akaika fulashi sipachitika kanthu. Pamafunika chingwe china chochoka ku monita kupita ku kompyuta, mutu wake ndi wonga wa chingwe cha pulinta. Ine ndinalibe chake chenicheni cha USB 3.0 nde ndinayesa cha pulinta yakale, chinalowa ndipo chikugwira, kungoti liwiro ndi locheperako. Panopa makasitomala amalowetsa fulashi m'mbali mwa monita m'malo mogwiragwira laputopu.

Zoperewera zilipo. Ilibe masipika, ndiye ngati mumafuna yoonera mpira kapena mafilimu mudzafunika masipika apadera, ndipo nthawi zina ukalumikiza monita pa HDMI mawu amasowa pa laputopu chifukwa Windows yawatumiza kwina, umangodina kachizindikiro ka sipika pansi kumanja n'kusankhanso masipika a laputopu. Ndi 60Hz, kwa anyamata a magemu othamanga si yawo. Si 4K (resolution yoposa Full HD), ukayandikira kwambiri timadontho timaoneka, koma pa mainchesi 24 utakhala mtunda wa mkono umodzi ine sindiona vuto, ndiponso laputopu yakale ngati yangayi 4K ikanailemera. Timabatani ta menyu tili pansi kumanja, ting'onoting'ono, umachita kupapasa. Yanga inabwera ndi kachikanda kamodzi pa pulasitiki ya kumbuyo ndipo pakona ina pamawala pang'ono sikirini ikakhala yakuda bii usiku, zimene pa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito ndinazilandira. Ndipo musayembekezere kuti mtundu wa pa sikirini udzatuluka ndendende pa pepala, sikirini imapanga mitundu ndi kuwala pomwe pulinta imapanga ndi inki, buluu wowala uja pa pepala amazimirira ndithu, nde ine ndimapulinta kaye khadi limodzi kasitomala alione asanavomere zonse.

Ena andifunsa kuti bwanji osangogula TV ya mainchesi 32 n'kulumikiza, poti mtengo ukhoza kufanana ndipo madzulo uoneranso mpira. Ndinayesapo kunyumba. Ma TV ambiri otchipa a mainchesi 32 ndi 1366x768 ngakhale pa katoni alembe HD, ndiye ndi timadontho tomwe tija ta laputopu tangomwazidwa pa galasi lalikulu, zilembo zimaoneka zoipa kuposa. Komanso ma TV ambiri amadula m'mphepete mwa chithunzi, amati overscan, taskbar ndi batani la Start zimalowa kunja kwa galasi mpaka ukapeze mu menyu ya TV pamene palembedwa Just Scan kapena Screen Fit malinga ndi mtundu wake. Kuonera filimu zili bwino, koma kukhala maola 8 ukuwerenga zilembo ayi.

Kwa amene muli ndi kompyuta ya pa tebulo ya kaunjika, zambiri za m'maofesi zija kumbuyo zimakhala ndi DisplayPort osati HDMI. Zimafanana poziona koma DisplayPort ili ndi kona imodzi yokha yodulidwa pomwe HDMI ndi yodulidwa makona awiri a pansi, musakakamize. Zingwe zambiri za DisplayPort zili ndi kabatani pa mutu kofunika kukanikiza musanazule, mkulu uja anandionetsa monita ina imene munthu anakoka mwamphamvu mpaka polowetsa pake panazuka. Timaadaputa tosintha HDMI kukhala VGA nato tisamakhale poyambira, tina timabweretsa vuto lomwe lija losadutsitsa EDID, ngati mbali zonse ziwiri zili ndi HDMI kapena DisplayPort gulani chingwe cholunjika basi. Onaninso pulagi ya chingwe cha magetsi, zina zimabwera ndi ya mapini ozungulira ya ku South Africa pomwe masoketi athu ndi a mapini atatu amakona, chingwe chake ndi chofanana ndi cha kompyuta ya pa tebulo nde kusintha n'kosavuta. Ine ndinaiika pa surge protector chifukwa cha mmene magetsi amabwerera ndi mphamvu akathima, ndipo pa inivetala yaing'ono imene ndili nayo imayenda bwinobwino pamodzi ndi laputopu, pulinta ndi imene imakana.

Ndikanati ndikugulanso lero ndikanagula yomweyi, koma ndikanapita ndi laputopu yanga ndi chingwe changa cha HDMI m'chikwama. Pa shopu pompo ndikanalumikiza, kudina Windows ndi P, kuona ngati dzina la monita likutuluka ndi 1920x1080 Recommended, kenako kutsegula chithunzi choyera mbee chodzaza sikirini, china chakuda, china chofiira, kuyang'anitsitsa ngati pali kadontho kakufa kapena mzere, kuyesa polowetsa ponse ngati zingwe zilipo, ndi kukweza n'kutsitsa mwendo. Wogulitsa wabwino sakana zimenezi. Aja anandigulitsa ine sindinapitekonso kukadandaula chifukwa monita anandipatsa yabwino, mwina nawonso samadziwa kuti chingwe cha ulere chija n'choperewera mawaya, ndinangowatumizira uthenga kuwauza kuti aziyeza zingwe zawo asanapatse anthu. Mayi a makhadi aja anabweranso mwezi wathawu kudzakonzetsa za chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, anakhala pa mpando ndinawaimikira monita chotalika, anayerekeza ndi chithunzi cha pa foni pawo n'kunena kuti pulintani 50.